NDINAPITA KUKATENGA MALUME KU HARARE, NDINABWERAKO NDI CHITINI CHA MASIKONO

Lero sindilalikira ayi. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti abusa, mu September muja munasowa masabata awiri, munali kuti? Ena mpaka munayamba kunong'onezana kuti ndathawira ku Joni kukasaka ntchito. Nde khalani pansi ndikuuzeni. Nkhaniyi ndi yayitali, amene data yanu ndi yochepa sungani mudzawerenge usiku.

Ine ndinakulira ku Kawale. Bambo anga anali mmisiri womanga nyumba, anabwera nthawi yomwe Capital City imamangidwa, boma litasamuka ku Zomba mu 1975. Pabalaza pathu, pamwamba pa kabati ya mbale, panali chithunzi cha munthu wovala zoyera zokhazokha, chipewa chachitali cha ukhukhi kumutu, ataima pa kapinga kutsogolo kwa nyumba ya azungu. Amenewo ndi malume anga, achimwene awo a mayi anga, bere limodzi. Anachoka kumudzi kwathu ku Mitundu mu 1968 ali ndi zaka 18. Potsanzika anati akukangopeza ya msonkho, njinga ndi wailesi, zaka ziwiri zikatha abwera. Mayi anga apo nkuti ali kamtsikana ka zaka 12. Malume anabwerako kamodzi kokha, mu 1982, ine ndili ndi zaka ziwiri, choncho sindinganame kuti ndinkawakumbukira. Munthu wotere kwathu timati mtchona.

Koma ana a ku Kawale ankawadziwa malume anga ngakhale sanawaonepo, chifukwa ine ndinkawatchula tsiku ndi tsiku. M'ma 1980 Zimbabwe inali Zimbabwe, inu. Katundu ankabwera ndi madalaivala a mathiraki: bulangete lolemera loti mwana sungalinyamule wekha, majarini, botolo la Mazoe, nsapato. Tsiku lomwe ndavala nsapato za ku Harare ndinkayenda pang'onopang'ono dala kuchoka kunyumba mpaka pamsika kuti aliyense aone. Mnzanga akandimenya ndinkati ndikakunenera kwa malume anga, ngati kuti malumewo ali kuseri kwa nyumba.

Zinasintha mu December 1989. Agogo anga, mayi wawo wa mayi ndi malume, anamwalira kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ifike. Anatumiza telegalamu. Anthu anadikira tsiku loyamba, lachiwiri, kenako anaika maliro. Malume sanabwere. Mu February kunabwera kalata yonena kuti msewu wa ku Tete sukuyendeka chifukwa cha nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Ndipo nkhondoyo inalipodi, magalimoto ankadutsa kumeneko pamndandanda moperekezedwa ndi asilikali, mpaka mtendere unabwera mu 1992. Mayi anawerenga kalatayo ali chiimire, anapita pa kabati, anatsitsa chithunzi chija nkukachiika pansi pa sutikesi. Katundu wina atabweranso anamugawa kwa anthu apafupi, ife tikuona. Ine ndinali ndi zaka 9, ndinalirira nsapato, osati agogo. Ndikuvomera.

Amene si Achewa mwina simumvetsa kulemera kwake. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Mlandu ukagwa amaima ndi iwo, ukwati nkhoswe ndi iwo, maliro akagwa mawu oyamba ndi awo. Bambo atamwalira mu 1998 mayi anaima okha pamaso pa akuchimuna. Ine pokwatira mu 2006 nkhoswe tinachita kubwereka kwa agogo ena a patali, oti dzina langa ankaliiwala pakati pa mwambo. Zonsezi mayi ankazisunga mumtima. Mwana wa malume, msuweni wanga, atandipeza pa Facebook mu 2021, ndinathamanga ndi foni kupita ku Kawale kuchokera kuno ku Area 23. Mayi anangoti, "Uwapatse moni." Foniyo sanaigwire nkomwe.

Mu June BP inawagwetsa mayi. Tithokoze Mulungu anadzuka, koma dzanja lamanzere linatsala lofooka. Tsiku lina madzulo ndikuwathandiza kumwa phala anangoti, "Iwe, upite ukawatenge achimwene." Ndinayesa ngati sindinamve. Anabwereza. "Ukawatenge. Koma usapite chimanjamanja ngati ukupita kukapempha moto."

Apa mpamene ndinaona kuti mayi wodwala uja usilikali sunawathere. Chaka cha 2024 mukuchidziwa, ng'amba inapsereza chimanga kuno ndi ku Zimbabwe komwe, thumba linali pamtengo woti umayamba wapemphera usanafunse. Koma mayi anati ufa wa mgaiwa ayi, akufuna ufa woyera wopangidwa mwa dongosolo lake. Tinakakonoletsa chimanga kuchigayo, anapeta gaga, mphale anaiviika m'madzi masiku atatu mpaka kafungo kowawasa kaja katuluka, anatsuka, anayanika pamphasa, tinakagayitsa, ufawo anauyanikanso. Iwo ali pampando pakhonde ndi ndodo, kuthamangitsa nkhuku ndi kulamula adzukulu. Mtedza ananditumiza ku Mgona kuti ndikagule Chalimbana, wamkuluwamkulu uja. Ndinazungulira osaupeza, ndinagula CG7. Mayi anandiyang'ana ngati ndaba nkhuku ya eni, koma anasinja ndithu, dzanja limodzi pamunsi, mdzukulu akugwirizira. Usipa ndinakagula kumsika waukulu m'tauni, atandilangiza kuti ndiyambe ndaluma kamodzi, ukawawa ndisiye. Ku Mitundu kunachokera zikwatu ziwiri za mfutso, china cha nkhwani china cha khwanya. Anawonjezera kambuzi m'kabotolo ndi paketi ya tiyi wa Chombe.

Thobwa linali nzeru zanga. Mayi anakana, mayi busa anakana, ine ndinati munthu zaka 42 osalawa thobwa la kwawo, ndinyamula basi. Chigubu cha malita asanu, chotseka bwinobwino.

Tinatulukira pa boda ya Dedza, kudutsa ku Angonia komwe anthu ake amayankhula ngati ife tomwe, nkutsetsereka kulowera ku Tete. Amene munadutsako mukudziwa kutentha kwa kumeneko, mphepo yolowa pawindo imakhala ngati yachokera mu uvuni. Chigubu ndinachiika pakati pa miyendo kuti ndichisamale. Titayandikira mlatho wa Zambezi ndinaona chatupa ngati chule. Ndinati ndingotsegula pang'ono kuti chipume. Abale anga. Chinaphulika. Suti yanga ya Lamulungu, Baibulo, mayi wina amene anakhala kutsogolo, mpaka kudenga kwa basi. Thobwa lija linali litasasa kale, basi yonse kununkha masese. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Abusa, gawaniko sakramenti!" Anthu anaseka mpaka Nyamapanda. Ine ndinalowa m'dziko la Zimbabwe ndikununkha ngati wochokera pa shabini.

Tinafika ku Roadport usiku. Msuweni wanga anabwera kudzanditenga, mayi wa zaka zofanana ndi ine, Chichewa chake cha apo ndi apo. Mawu ake oyamba anandiitana "muzukuru". Ndinadabwa kuti mdzukulu bwanji, inu ndi agogo anga? Anandifotokozera kuti kwa Ashona mwana wa mlongo wa bambo ako ndi muzukuru, ndipo iyeyo kwa ine ndi mayi wamng'ono. Ndinamuuza kuti kwathu ndiwe msuweni, makolo akale akanatha kutikwatitsa. Anatsala pang'ono kugwa ndi phwete mu kombi.

Malume amakhala ku Mufakose, m'kanyumba ka zipinda zinayi komwe malemu akazi awo anasiyiridwa ndi makolo. Munthu wa pachithunzi uja ndinkamuyesa chimphona. Amene ananditsegulira chitseko anali kankhalamba kakafupi, ka imvi mbuu, kovala juzi ndi tayi usiku wa 11 koloko chifukwa kukubwera mlendo. Ndinagwada. Anandigwira mutu ndi manja awiri, nkundinunkhiza, nkuti, "Mwana wa mlongo wanga, kodi ubusa wake ndi wa mpingo uti umenewu?"

Sanafunse za ulendo. Anati tsegula katundu. Atamasula thumba la ufa anatapa pang'ono, anaufikisa ndi zala, anaununkhiza. Anatsegula usipa. Atafika pa chikwatu anasiya kuyankhula. Anachinyamula nkutuluka nacho panja kuseri kwa nyumba, mumdima. Msuweni anati ndiwatsatire, ine ndinati ayi, asiyeni. Anakhalako nthawi ndithu. Pobwera anangoti, "Wamanga bwino ameneyu. Ndi wa banja la kwa ndani?"

Ndinakhala nawo masiku khumi, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene munthuyu amakhalira, chifukwa ife kuno timaganiza kuti aliyense wa kunja amadya ndi foloko.

Amadzuka 4 koloko. Magetsi kumeneko amazimanso ngati kwathu konkuno, kawirikawiri amabwera usiku, ndiye iwo amapezerapo mwayi wophika masikono anthu ali mtulo. Mathireyi awiri, nthawi zina atatu. Mdzukulu wawo amakagulitsa pokwerera makombi asanapite kusukulu. Sayeza ndi kapu, amayeza ndi dzanja, ndipo majarini amafikisa mu fulawa ndi nsonga za zala zokha, akuti chikhatho chimatentha chimawononga. Kukacha amalowa m'dimba. Kadimba kake nkochepa ngati pabalaza panga, koma muli nkhwani, bonongwe, therere, mpiru, ndi chinangwa mitengo itatu chimene sadzula, amangotchola chigwada. Aneba onse amalima kovo ndi repu. Iwo amati kovo ndi ndiwo za anthu ofulumira.

Lachiwiri ndi Lachisanu amavala tayi nkukwera kombi ziwiri kupita ku Avondale. Kumeneko kuli dona wina wachizungu, wamasiye, wa zaka zopitirira 80, ana ake onse ali ku Australia. Malume amamuphikira chakudya cha sabata yonse nkuika mu firiji. Ndinapita nawo tsiku lina. Ndinaona munthu akusintha pa geti penipeni: msana kuwongoka, Chingerezi kutuluka cha m'mphuno choti ine wa Fomu 4 ndinangoti zii. Anaphika supu, nyama yootcha mu uvuni, pudingi wa mandimu. Atamaliza anakhala pakhonde ndi dona uja kumwa tiyi, nkhalamba ziwiri kukambirana za anthu amene anafa ndi amene anasamuka. Pobwerera ananditi, "Kale kapu yanga inali ya chitini, inkakhala panja pa mpopi. Pano timamwera limodzi chifukwa watsala yekha." Sananene mokwiya. Ananena ngati akunena za nyengo. Amawapatsa madola a ku America ochepa, ndiwo amagulira mankhwala ndi fulawa.

Chomwe chinandigwira mtima ndi ichi: munthu amene waphikira azungu zaka zoposa 50, wodziwa kuphika chilichonse cha m'mabuku awo, iyeyo zimenezo sadya. Akabwera kunyumba amafuna nsima. Ndipo pa nkhani ya nsima malume ndi wovuta kuposa mayi anga. Sadza ya kumeneko amaphikira ufa wa m'sitolo, iwo amati umakhala ngati ukutafuna mchenga. Zaka zonsezi akhala akuviika mphale m'ndowa kubafa, akazi awo ankadandaula fungo mpaka anazolowera. Ashona amatendera ndiwo ndi chiponde, amati dovi. Malume amati kumeneko nkulakwitsa: chiponde ndi mtedza wokazinga, chimaphimba kukoma kwa masamba, pomwe nsinjiro ndi mtedza wauwisi wosinja ndi kusefa, imalowa m'ndiwo mwaulemu. Za kapenta ndiye musayambe nawo. Anandiuza kuti kapenta wa ku Kariba naye ndi mtchona, anachita kumutenga ku nyanja ya Tanganyika m'ma 1960 nkudzamuthira m'damumo. "Ndi mlendo mnzanga, ndimamulemekeza. Koma si usipa."

Tsiku lachiwiri anaphika okha, anakana kuti wina alowe kukhitchini. Mfutso anauviika, anauwiritsa, anathira matimati ndi mchere, nsinjiro pamwamba osavundula mpaka zitapsa. Usipa anadula mitu, anautsuka m'madzi ofunda, anaukazinga pang'ono. Nsima anaomola ndi chipande chimene anabwera nacho mu 1982, chakuda ndi ukalamba, chong'ambika m'mphepete. Adzukulu anadya nkumati nsima yake ndi yoterera ngati sopo. Malume sanawayankhe. Anadya mwakachetechete, mbamu zing'onozing'ono, ndipo mkute anaubisa m'kabati kuti adzadye okha mmawa ndi tiyi wa Chombe.

Usiku ndiye inali nthawi ya mafunso. Chichewa chawo ndi chakale, cha "ndidapita, tidaona", ndipo amachitchabe Chinyanja. Ndalama amawerengabe tiki ndi mapaundi, pakuti kwacha inabwera mu 1971 iwo atachoka kale. Lilongwe wa m'mutu mwawo ndi mlatho, msika, masitolo a amwenye, Kandodo ndi Mandala, basi. Ndikawauza kuti ku Chinsapo kuli anthu ochuluka ngati nyerere amati kunkhalango kuja? Area 25 samaidziwa nkomwe. Ndinawaonetsa pa foni Bingu Stadium ndi msewu wodutsa pamwamba pa unzake wa ku Area 18, anati ndikuwanamiza, kumeneko ndi ku Joni. Anafunsa ngati Bata Bullets ikadalipo. Nditawauza kuti dzina linasintha koma timu ilipo, ndipo mphunzitsi wake panthawiyo mu 2024 anali Kalisto Pasuwa, anaomba m'manja: "Wa Dynamos uja? Ndiye tabwezatu ngongole. Inu munatipatsa makolo a Benjani Mwaruwari."

Anandifotokozera ulendo wawo wa 1968, mmene anawolokera Zambezi pa pantoni mlatho kulibe, mmene anayambira pa famu ya fodya, nkudzalowa kukhitchini ngati wotsuka mbale. Harare pakamwa pawo nthawi zina imatulukabe Salisbury. Amalawi anali mbwee m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, mpaka CCAP ili ndi sinodi yake ya Harare, gule wamkulu amavinidwa, ndipo oyimba ngati Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso anaponyamo Chichewa m'nyimbo zawo. Koma eni dziko ena ankawatcha mabwidi, anthu opanda kwawo. Anandionetsa chitupa chawo, pali chilembo A, kutanthauza mlendo. Zaka 56 m'dzikomo. Malamulo a 2013 anathandiza ana obadwira konko kuti akhale nzika, koma iwo anabadwira ku Mitundu, ndipo pasipoti yawo ya Malawi inatha mphamvu ine ndisanayambe sukulu ya sekondale.

Kenako anatulutsa chitini cha mabisiketi. M'menemo munali makalata, zithunzi, ndi mpukutu wa ndalama zomanga ndi mphira. Anandipatsa imodzi: 100 trillion dollars, pepala limodzi. Anati kuyambira 1975 ankasunga ndalama mwezi ndi mwezi kuti akapuma ntchito adzamange nyumba ya malata ku Mitundu, agule ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Mu 2000 minda itayamba kulandidwa, bwana wawo anagulitsa zonse nkuchoka. Mu 2008 ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala, zosunga za zaka 33 sizinakwane thumba la fulawa. "Ndiye undiuze, ndikatsike basi ku Lilongwe ndi chiyani? Anzanga a WENELA anabwerera ndi njinga ndi masutikesi. Ine ndikalowe m'mudzi ndi chipande?"

Ndiulule tchimo langa. Ine ndinanyamuka kuno ndi ulaliki wokonzakonza wa pa Luka 15, mfundo zitatu, ndinazilemba m'basi thobwa lisanaphulike. Ndinkadikira mpata woti ndiwauze malume kuti iwo ndi mwana wolowerera. Usiku wachisanu ndi chimodzi ndinati mpata ndi uno. Ndinayamba ndi funso: "Malume, mu 1989, msewu wa Tete unali woopsa, chabwino. Nanga bwanji simunadzere ku Chirundu, Lusaka, Chipata, nkulowera pa Mchinji? Anthu ankadutsa kumeneko."

Anakhala chete. Anavula magalasi. Kenako anafufuza m'chitini muja natulutsa telegalamu yeniyeniyo, yachikasu, yopindika mpaka kung'ambika m'mizere.

"Inandipeza pa 23, mmawa. Ndinapita nayo kwa dona. Anali ndi alendo 14 a Khirisimasi, ena ochokera ku England. Anati pepa, koma ukachoka lero usadzabwerenso, ndipo kanyumba ka kuseri utulukemo. Ndinali ndi ana anayi m'kanyumba kameneko, wamng'ono wa miyezi isanu. Ndinaima pakhitchini ndi pepalali m'manja. Kenako ndinaliika m'thumba la apuloni, ndinayatsa uvuni. Tsiku limene ankaika amayi, ine ndinali kufinya madzi a malalanje ndi kuthira mchere nkhukundembo. Anadya, anandiitana pa tebulo, anandiombera m'manja. Nkhondo ija ndinangoibwereka polemba kalata. Ndinachita manyazi kuuza mlongo wanga kuti ndinasankha ntchito."

Abale, ulaliki wanga unathera pomwepo. Ine ndili ndi ana anayinso, nyumba ya lendi. Ndinadzifunsa kuti akanakhala ine ndikanatani, ndipo yankho lomwe ndinapeza sindinalikonde. Sindikunena kuti anachita bwino. Mayi anga anasenza okha zinthu zoti sakanayenera kusenza okha, ndipo ine ndinaziona ndi maso. Koma pakamwa panga panauma. Tinangokhala, magetsi atazima, kandulo ikutha.

Mawa lake ndinaimba video call kwa mlongo wanga ku Kawale kuti awagwirire mayi foni. Malume anavala jekete. Nkhope zitatulukira, onse awiri anangoyang'anana. Anayamba ndi mayi.

"Achimwene, mwakalamba."

"Inunso achemwali, mwafanana ndi amayi."

"Mwadya?"

"Ndadya. Mfutso uja ndaphika."

"Munathira soda?"

"Mfutso wa nkhwani soda wa chiyani?"

"Ndimayesa mwaiwala."

Ine ndinayamba kumasuka kuti zikuyenda. Kenako malume anati, "Achemwali, za kalata ija ya 1989..." Mayi anawadula.

"Ndinkadziwa. Dalaivala amene ankabweretsa katundu uja anandiuza chaka chomwecho kuti anakuonani m'tauni mukugula za Khirisimasi za azungu anu. Mukanalemba kuti ntchito yandikaniza, ndikanalira nkuiwala. Ifenso timadziwa ukapolo wa ntchito. Koma munandinamiza ngati ndikadali kamwana kaja munakasiya. Amayi ankamanga chikwatu chanu chaka chilichonse, nkuchipachika kukhitchini, amvekere ichi ncha achimwene ako asachikhudze munthu. Chimakhala mpaka kufumbwa. Chomaliza tinadyera anthu pamaliro awo."

Malume anatsegula pakamwa, ndipo nthawi yomweyo bandulo ya mlongo wanga inatha. Foni inangoti zii. Zaka 35 munthu akudikira kupepesa, Satana nkulowera pa bandulo. Ndinathamanga kukasaka pogula, ndinatumiza uthenga, koma mlongo wanga anati mayi alowa kuchipinda, atseka chitseko.

Anaimbanso okha mawa lake 6 koloko mmawa. Za kalata sanazitchulenso, onse awiri. Anakambirana ola lathunthu ndi theka. Mayi ankatchula mayina a anthu a kumudzi mmodzimmodzi, malume nkumafunsa, alipo? Anapita. Nanga uje? Anapita 2002, chaka cha njala. Nanga uje? Alipo koma saona. Anakangana za mtengo wa mango wa pabwalo, wina akuti unali kumanja kwa nkhokwe, wina kumanzere. Pena ankaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinatuluka panja kukaona chigwada.

Koma kubwera anakana. Ndinayesa njira zonse. Ndinati za mapepala tikafunsa ku ofesi ya kazembe wathu, ya basi mpingo uthandiza, ku Kawale chipinda chilipo. Ananditengera ku manda a Warren Hills, kumene kunagona akazi awo ndi mwana wawo wachiwiri. Anazula udzu ndi manja. Anati akhala akusonkha ku bungwe la maliro la Amalawi anzawo kwa zaka zambiri, bokosi ndi malo zonse zilipo kale. "Mayi uyu abale ake anamunyoza chifukwa chokwatiwa ndi mbwidi. Sanandisiye. Ndimusiye ine? Ndinasiya kale manda amodzi." Mayi atamva anati munthu amagona kwawo, pafupi ndi make, zinazo nzachilendo. Mpaka lero sanagwirizane, ndipo ine ndasiya kuweruza mlandu umenewu. Chimene anavomera nchakuti mapepala akatheka adzabwera kudzacheza mwezi umodzi, akaone manda a agogo. Msuweni wanga akuyendetsa zimenezo, zikuchedwa, koma zikuyenda.

Usiku womaliza sanagone. Magetsi anabwera 1 koloko, ndinawamva akukanda fulawa. Mmawa anandipatsa chitini chija cha mabisiketi, makalata atachotsamo, chodzaza masikono 24 okulunga m'kansalu koyera. Pamwamba anaika 100 trillion ija, akuti mukawapatse achemwali, muwauze kuti ndi ya njinga. Chipande anakana kundipatsa.

Nditafika ku Kawale mayi anatsegula chitini, ananyema sikono imodzi, anatafuna nthawi yayitali. Anati, "Shuga wachepa." Ndinati amayi, malume achita dala, ndinawauza za matenda anu. Anati, "Ndiye akanathira wambiri, ndikanadya theka." Anadya atatu. Otsalawo anawerenga nkugawa okha, mdzukulu aliyense imodzi, aneba awiri amene analandira mabulangete aja kalekale imodzi imodzi. Chithunzi chija chabwerera pa kabati, galasi lake linasweka pakona, ndipo ndalama ija aitsomeka m'mphepete mwa felemu. Lamulungu lililonse 4 koloko amaimbirana. Ndikapita kumeneko nthawi imeneyo sandiyankha nkomwe moni.

Tsopano pempho langa ndi ili. Mayi apeza Chalimbana weniweni kudzera kwa mayi wina wa ku Mchinji, asinja kale, ndipo zikwatu zina ziwiri zafika kuchokera ku Mitundu. Ngati alipo wina mwa inu amene akukwera basi ya ku Harare mwezi uno kapena wamawa, chonde ndipezeni ku inbox. Kathumba kake nkosapitirira makilo asanu, msuweni wanga adzakuchingamirani pa Roadport. Thobwa mulibemo.